Injini ya roketi ija akuiyatsa lero, tiyeni tionere limodzi

Aphunzitsi a ku Ngabu, 13:05
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Tsiku ndinkanena lija ndi lero. Anthu aja ndakhala ndikuwatsatira pa YouTube, amene akupanga okha injini ya roketi ku Ulaya, akuiyatsa masana ano ndipo aonetsa pompopompo. Linki ndi imene ndaika pamwambapa. Akuti cha m'ma 3 koloko, ndipo miyezi ino wotchi ya kwawoko ikuyenda limodzi ndi yathu. Ndineneretu kuti wina asadzadandaule: palibe chimene chiuluke lero. Injiniyo aimangirira pachimango chachitsulo chozikidwa mu simenti, aiyatsa ili pomwepo kwa masekondi 20, n'kuyeza mphamvu yake. Anthuwa si a boma, si a kampani. Mkati mwa sabata aliyense ali ku ntchito yake, Loweruka ndi Lamlungu ndiye amakumana mu shedi kudula ndi kuwotcherera zitsulo zogula ndi ndalama zosonkha. Mafuta ake ndi ethanol ndi okosijeni wamadzi.

Kabaza wa pa Dyeratu, 13:11
Aphunzitsi, ethanol wake uti? Yemweyu timaona mathanki akutuluka naye pa PressCane pano?

Aphunzitsi a ku Ngabu, 13:14
Mtundu wake ndi womwewo achimwene. Wa pa Dyeratu amatchezedwa kuchokera ku molasesi wa nzimbe za ku Nchalo, ndipo amasakanizidwa ndi petulo amene mukuthira m'njinga yanuyo. N'chifukwa chake nkhaniyi imandigwira mtima. Chinthu chimene chimadutsa pamsewu wathu tsiku ndi tsiku, ena akuchiyatsa kuti chikankhe chitsulo kupita kumwamba. Ndipo si zachilendo. Roketi ya V-2 ya Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkayendera ethanol wothira madzi, magawo 75 pa 100 ali ethanol. Koma imene ija inali chida chankhondo, inapha anthu ambiri ku London ndi ku Antwerp.

Amisiri a pa Nchalo, 13:20
Zikomo aphunzitsi. Ine okosijeni ndimagwira naye ntchito tsiku lililonse, silinda ili pano pashopu ndimadulira zitsulo. Koma wamadzi sindinamuonepo ndi maso. Amamusungunula bwanji mpweya?

Aphunzitsi a ku Ngabu, 13:24
Amauziziritsa amisiri. Mpweya wa okosijeni ukazizira kufika pa madigiri 183 kunsi kwa ziro umasanduka madzi, obiriwira pang'ono ngati thambo. Lita imodzi ya madzi amenewo ikabwerera kukhala mpweya imadzaza malita oposa 800, ndiye mukuona chifukwa chake amaunyamula uli wamadzi. Injini ya galimoto imapuma mpweya wa panja. Roketi imapita kumene mpweya kulibe, ndiye imasenza wakewake.

Anesi a ku Nsanje, 13:31
Ndili pa ntchito mpaka 4 koloko, muzindilembera zimene zikuchitika. Koma mtima ukundiwawa pang'ono kumva kuti okosijeni akumuwotcha chonchi. Amene tinali m'mawodi nthawi ya Covid tikudziwa mmene silinda imodzi inkalilidwira.

Agogo a ku Makhanga, 13:40
Ana anga, ndafuna ndilankhulepo ndisanakapume. Gulu lino tinalitsegula chifukwa cha madzi, kuti tizichenjezana Ruo ndi Shire akayamba kukwera. Sindikuletsa nkhani zina, koma ndifunse. Chimanga kulibe, mapira sanachite bwino, ana akupita ku sukulu opanda kanthu m'mimba. Tithire bandulo kuonera azungu akuwotcha mafuta amene sapita nawo kulikonse? Ife zitithandiza chiyani? Ndikufunsa ndi mtima wabwino aphunzitsi, musandimve molakwa.

Aphunzitsi a ku Ngabu, 13:49
Funso lanu ndalilandira ndi manja awiri agogo, ndipo sindinama kuti injini imeneyi ibweretsa thumba la chimanga ku Makhanga. Siibweretsa. Chimene ine ndikufuna anawa aone ndi mmene anthu amagwirira ntchito ndi chinthu choopsa. Ndimaphunzitsa sayansi m'kalasi lopanda labotale, ndimajambula zinthu pabolodi ana n'kuloweza. Lero aona munthu wamba, wovala ovolosi ngati ya amisiri a pa Nchalowa, akuyeza, akulemba, akudikira, akuyambiranso. Zimenezo pabolodi sizijambulika.

Mayi a Tadala ku Bangula, 13:58
Agogo, ine ndionjezepo kamodzi. Namondwe Freddy uja anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, kuno anatipeza m'mwezi wa March. Masabata onse aja a zanyengo ankatiuza pa wailesi kuti ali pakuti, walowera kwakuti. Ankamuona ndi chiyani pakati pa nyanja? Ndi masetilaiti. Ine ndinasamutsa mbuzi ndi ana usiku madzi asanafike chifukwa cha uthenga umenewo. Nyumba inagwa, koma tonse tili moyo. Ndiye chimene chimakweza masetilaiti kumwamba ndikufuna mwana wanga achidziwe.

Agogo a ku Makhanga, 14:03
Ndamva mayi. Koma okweza masetilaiti ndi maboma a ndalama, osati anyamata a mu shediwa. Komabe onerani, ine ndizimvera kwa inu.

Mwana wa kwa Chapananga, 14:10
Ndili ku koleji koma ndikutsatira. Malangizo kwa onse: pa YouTube dinani kachizindikiro ka giya, musankhe 240p kapena 360p, bandulo siithamanga. Ikatsala mphindi imodzi kuti ayatse ndiye mukweze. Ine ndikuuzani nthawi yake.

Kabaza wa pa Dyeratu, 14:32
Ayamba kuonetsa! Ndikuona kachitsulo kakang'ono ngati mtondo wogoneka chammbali, mapaipi mbwee. Injini yake ndi imeneyo basi? Ndimayesa ndi chinthu chachikulu ngati thirakitala.

Mwana wa kwa Chapananga, 14:36
Ndi yomweyo achimwene. Musaiderere. Gulu lodziwika kwambiri pa ntchito zoterezi ndi Copenhagen Suborbitals la ku Denmark, linayamba mu 2008, nalonso ndi la anthu ongodzipereka. Injini yawo yotchedwa BPM5 munthu atha kuinyamula, koma imakankha ndi mphamvu ya 5 kN, kuli ngati kunyamula matumba 10 a chimanga a 50 kg nthawi imodzi. Ndi imene inakweza roketi yawo ya Nexø II mu August 2018 kuchokera panyanja ya Baltic, inafika makilomita oposa 6 n'kutsika ndi parachuti. Cholinga chawo ndi kudzakweza munthu kupitirira makilomita 100, pamene anthu amati ndi malire a mlengalenga.

Kabaza wa pa Dyeratu, 14:39
Makilomita 100 okha? Kuchoka ku Nsanje kupita ku Blantyre ndiye kutali kuposa pamenepo.

Mwana wa kwa Chapananga, 14:41
Zoona, si kutali. Koma ganizani mmene lole yodzaza imavutikira pachitunda kuchoka pa Thabwa, chonsecho matayala ali pamsewu. Kuno ndi kukwera tolotolo popanda popondera, utasenza mafuta ako onse ndi mpweya womwe.

Amisiri a pa Nchalo, 14:50
Ndatseka shopu, ndakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi anyamata anga awiri, foni tatsamiritsa pa vaisi. Mapaipi aja ayamba kuyera mbee ndipo akufuka ngati utsi. Chikupsa n'chiyani moto asanayatse?

Aphunzitsi a ku Ngabu, 14:53
Palibe chikupsa amisiri, akuthira okosijeni uja mu thanki. Zoyerazo ndi ayisi. Chinyezi cha mumpweya chikakhudza paipi yozizira chonchija chimaundana pomwepo, monga botolo la chakumwa chozizira limachitira thukuta mukalitulutsa mu furiji kuno kotentha. Chooneka ngati utsicho ndi nkhungu.

Amisiri a pa Nchalo, 14:57
Ndaona. Ndipo chinthu china ndachikonda: mnyamata amene akumanga paipi uja wasintha magolovesi asanagwire mbali ya okosijeni. Ameneyo ntchito akuidziwa. Amene anandiphunzitsa ine kuwotcherera anandimenya dzanja tsiku loyamba nditafuna kumasula geji ya silinda ndi manja a girisi. Okosijeni ndi girisi sizionana, zimayaka zokha popanda machesi. Anyamata angawa ndimawauza tsiku ndi tsiku, lero aona kuti ngakhale ku Ulaya lamulo ndi lomwelo.

Mwana wa kwa Chapananga, 15:04
Aimitsa kuwerenga nthawi yotsala kuti ayatse injini. Akuti valuvu imodzi ya mbali ya okosijeni sikutseguka bwino, yauma ndi kuzizira. Musakweze kaye mavidiyo.

Kabaza wa pa Dyeratu, 15:06
Aaa, ndiye ine ndakana makasitomala awiri chifukwa cha zimenezi. Bwanji osangopita pomwepo n'kuigogoda ndi sipanala?

Amisiri a pa Nchalo, 15:09
Ayi achimwene, thanki ili ndi puresha simuyandikira. Taonani onse ali kutali kuseri kwa chimulu cha dothi, akuonera pa kamera ngati ife tomwe. Ayenera achotse kaye puresha, ndiye munthu mmodzi apite. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani mukanyamule kasitomala, ife tikuitanani.

Mayi a Tadala ku Bangula, 15:15
Aphunzitsi, ndine Tadala, ndabwereka foni ya amayi. Ndili Fomu 3. Ndili ndi funso. Ndege imakankha mpweya, bwato limakankha madzi. Nanga roketi ikafika kumene kulibe mpweya imakankha chiyani kuti ipite kutsogolo? Ndawerenga lamulo lachitatu la Newton koma pamenepa sindikumvetsa.

Aphunzitsi a ku Ngabu, 15:22
Wafunsa bwino kwambiri Tadala, ndipo usachite manyazi. Mu 1920 nyuzipepala yaikulu ya The New York Times inalemba monyoza Robert Goddard, wasayansi wa maroketi wa ku America, pa mfundo yomweyi, kuti roketi singayende kopanda mpweya. Inadzapepesa mu July 1969, anthu a Apollo 11 ali pa ulendo wopita kumwezi. Yankho lake ndi lakuti roketi sikankha mpweya wa panja. Imataya kumbuyo moto wake womwe mwa liwiro lalikulu, ndipo chimene wataya chimakukankha iweyo. Ndikufuna chitsanzo chabwino, tadikira.

Agogo a ku Makhanga, 15:30
Chitsanzo ndikupatse ndine mwana wanga, poti ndakhala ndikuwoloka pa Mtayamoyo zaka zambiri. Bwato likafika pagombe, munthu wopupuluma akadumpha asanalimangirire, limatani? Limabwerera m'madzi, iye n'kugwera m'matope. Palibe wapalasa. Phazi lake lomwe ndi limene lalikankha. Ndipo ukakhala pakati pa madzi n'kuponya thumba lolemera kumbuyo, bwato limasendera kutsogolo. Tinkaziona potsitsa matumba a mbatata.

Aphunzitsi a ku Ngabu, 15:33
Agogo, mwaphunzitsa kuposa ine. Ndi zomwezo ndendende. Tadala, lemba zimenezo m'kope. Injini ija ndi munthu amene akuponya matumba kumbuyo osalekeza, kungoti matumba ake ndi mpweya wamoto, ndipo ukutuluka pa liwiro loposa makilomita 2 pa sekondi imodzi. Kukhosi kopanikizika mukukuona chakumapeto kwa injiniko, kenako n'kutambasuka ngati belu, ntchito yake ndi kuthamangitsa mpweyawo.

Mayi a Tadala ku Bangula, 15:36
Ndamvetsa tsopano. Takhuta agogo. Zikomo aphunzitsi.

Agogo a ku Makhanga, 15:38
Komatu funso langa lija likadalipo, sindinalibweze.

Aphunzitsi a ku Ngabu, 15:45
Likhalepo agogo, ndi lofunika. Pamene tikudikira valuvu ndikuuzeni za Goddard yemweyo, chifukwa mwati okweza masetilaiti ndi maboma. Pa 16 March 1926, ku Auburn m'dera la Massachusetts ku America, bambo ameneyu anayatsa roketi yoyamba padziko lonse yoyendera mafuta amadzi, petulo ndi okosijeni. Sikunali boma pamenepo. Anali iye, mkazi wake ndi anthu awiri omuthandiza, pafamu ya wachibale, kunja kuli chisanu. Roketiyo inauluka masekondi awiri ndi theka, inakwera mamita pafupifupi 12, n'kukagwera m'munda wa kabichi pa mtunda wa mamita 56. Mtengo wa mlambe umaposa pamenepo kutalika. Koma bamboyo anayeza, analemba m'buku lake, anatola zidutswa n'kubwerera nazo kukakonza. Patapita zaka 43 anthu anaponda pamwezi ndi injini za mtundu womwewo wa mafuta amadzi.

Kabaza wa pa Dyeratu, 15:52
Ndabwerako. Aphunzitsi, ndinaonapo pa intaneti anyamata akupanga roketi ndi shuga. Shuga ndiye kuno ndi kwawo. Tingayese ifenso? Paipi ndili nayo.

Aphunzitsi a ku Ngabu, 15:55
Ayi achimwene, ndipo pamenepa ndilankhula mosapsatira. Musayese, ndipo pagulu pano wina asaike kapangidwe kake, pali ana. Zinthu zoyaka mukazitsekera mu paipi yachitsulo ndiye kuti mwapanga bomba, osati roketi. Ngakhale akatswiri enieni zimawapha. Mu July 2007 ku Mojave m'dera la California anthu atatu anafa poyesa zipangizo za injini ya roketi, chonsecho tsiku limenelo sankayatsa n'komwe moto, thanki inangophulika. Amene tikuwaonerawa ali ndi malo apadera, zozimitsira moto, chimulu chobisalako.

Anesi a ku Nsanje, 15:59
Ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Mabala a moto ndimawatsuka ine. Mwana wopsa manja amalira mwezi wathunthu, ndipo kuno ndi kutenthaku mabala sachedwa kuola. Chonde musayerekeze.

Kabaza wa pa Dyeratu, 16:01
Ndamva anesi, ndasiya. Safunsa anadya phula, n'chifukwa ndinafunsa.

Aphunzitsi a ku Ngabu, 16:04
Mwachita bwino kufunsa. Njira yabwino ilipo: botolo lapulasitiki la malita 2, madzi pang'ono, chitsekero chokhala ndi valuvu ya chubu cha njinga, ndi pampu. Limauluka kuposa mtengo wa mango, popanda moto uliwonse, ndipo lamulo lake ndi lomwe lija la bwato la agogo.

Mwana wa kwa Chapananga, 16:17
Valuvu yatheka! Onse abwerera kuseri kwa chimulu. Ayambiranso kuwerenga, zatsala mphindi 3. Kwezani mavidiyo tsopano.

Mayi a Tadala ku Bangula, 16:18
Mayo, magetsi azima kuno ndipo netiweki yatsika, chithunzi chaima. Wina azilemba chonde, Tadala misozi ili m'maso.

Amisiri a pa Nchalo, 16:19
Ndilemba ine mayi, kuno ikugwira. Sailini yalira. Mayi wina ndi amene akuwerenga, akufunsa mmodzimmodzi ngati ali okonzeka, aliyense akuyankha. Nkhungu ija yasiya kutuluka, atseka thanki.

Amisiri a pa Nchalo, 16:20
Kamoto kakang'ono kaoneka kukamwa kwa injini.

Amisiri a pa Nchalo, 16:20
YAYAKA! Kamera ikunjenjemera. Moto wowongoka ngati ndodo, suli ngati wa nkhuni ayi, ndi wopyapyala, wabuluu, ukuonekera mkati. Fumbi lonse kumbuyo lauluka. Mkati mwa motowo muli timadontho towala tandandalika mzere.

Kabaza wa pa Dyeratu, 16:20
Phokoso lake abale! Sipika ya foni ikuchita kung'ambika!

Amisiri a pa Nchalo, 16:21
Dikirani. Moto wasintha, wachita girini mbali imodzi. Azimitsa. Yazima. Sinafike masekondi 20, ine ndawerenga 7.

Kabaza wa pa Dyeratu, 16:22
Basi? Tadikira maola atatu chifukwa cha masekondi 7? Ndiye kuti yakanika?

Agogo a ku Makhanga, 16:24
Palibe wavulala?

Mwana wa kwa Chapananga, 16:25
Palibe agogo, onse ali bwino. Palibenso chaphulika. Akudikira kuti izizire.

Amisiri a pa Nchalo, 16:34
Ndiloleni ndilembe motalikirapo, manja akadanjenjemera. Girini uja ine ndamudziwa msanga aphunzitsi asananene. Ndi kopa ameneyo. Aliyense amene anawotchapo waya wamagetsi kapena kuika tochi ya gasi pa paipi ya furiji amadziwa kuti kopa akayamba kupsa moto umachita girini. Ndiye kuti injini inayamba kudzidya yokha mkati. Tsono chimene chandikhudza ndi ichi: mayi uja sanadikire. Girini atangooneka, mawu amodzi, dzanja pa batani, moto zii. Anthu amene agwira ntchito miyezi, asonkha ndalama zawo, anthu ambirimbiri akuonera, mtima umafuna kuti ingopitirira mpaka 20 anthu aombe m'manja. Ine ndikuudziwa mtima umenewo. Chaka china ndinawotcherera ekiselo ya ngolo ya bambo wina wonyamula thonje. Ndinaona kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi, koma dzuwa linali litapendeka, mwini wake akundifulumiza, ndinangopakapo penti. Ngoloyo inathyoka itasenza, ng'ombe imodzi inathyoka mwendo, anaipha. Ndinalipira, koma mpaka lero ndikakumana ndi bambo amenewo mutu ndimaweramitsa. Ndikanakhala ndi mtima wa mayi ameneyu, ng'ombe ija bwenzi ilipo. Ndiye achimwene a kabaza, ine sindikuti yakanika. Injini ikadalipo, aimasula, aona pamene yadyeka. Akanaumirira bwenzi pano akutola zidutswa osadziwa chayamba n'chiyani.

Kabaza wa pa Dyeratu, 16:39
Pepani amisiri, sindinaganize choncho. Koma bwanji apangira kopa poti amasungunuka msanga? Osaika chitsulo cholimba bwanji?

Mwana wa kwa Chapananga, 16:48
Pamenepa ndi pamene pali nzeru yonse. Moto wa mkatimo umafika madigiri pafupifupi 3,000. Kopa amasungunuka pa 1,085, chitsulo pakati pa 1,400 ndi 1,500. Ndiye palibe chimene chingapirire pachokha, ngakhale chitsulocho. Chimene amachita n'chakuti khoma la injini amalipanga pawiri, lamkati ndi lakunja, pakati pake n'kusema tingalande ting'onoting'ono. Ethanol asanalowe kukapsa amayamba wadutsa m'tingalandemo kuzungulira injini yonse, n'kumachotsa kutentha. Kopa amamusankha chifukwa amapatsira kutentha msanga kuposa chitsulo. Zili ngati poto pamoto: muli madzi sapsa, madzi akauma amabooka. Ngalande imodzi ikatsekeka ndi kachitsotso, kapena mafuta akachepa mbali imodzi, pamenepo pamasungunuka m'kanthawi kochepa.

Mayi a Tadala ku Bangula, 16:55
Ndi Tadala. Netiweki yabwera, ndaonera kubwereza katatu. Pa sekondi ya 6 ndi pamene girini akuyamba, cha m'munsi. Ndipo mzere wa puresha pa galafu yawo ukuyamba kutsika nthawi yomweyo. Kodi ndiye kuti kukhosi kuja kwakula chifukwa chodyeka, mpweya ukutuluka mosavuta? Nanga timadontho towala tija n'chiyani?

Aphunzitsi a ku Ngabu, 17:02
Tadala, ndawerenga uthenga wako kawiri. Ine galafuyo sindinaiyang'ane n'komwe, maso anali pamoto. Kuganiza kwako kuli m'njira yake: khosi likakula, puresha ya mkati imatsika. Tidikire aimasule tione ngati ndi pomwepo. Timadontho tija timaoneka mpweya ukamatuluka mothamanga kuposa liwiro la mawu, umapanikizika n'kutambasuka mobwerezabwereza, ndipo pamene wapanikizika pamawala. Mayi a Tadala, mwanayu mumusamale.

Mayi a Tadala ku Bangula, 17:06
Ndi mayi ake tsopano. Zikomo aphunzitsi. Fizi ndi imene imandisowetsa tulo, koma ndiyesetsa. Kodi zoterezi amaphunzira kuti? Mpaka ku Ulaya?

Mwana wa kwa Chapananga, 17:15
Osati ku Ulaya kokha mayi. Ku South Africa, pa University of KwaZulu-Natal ku Durban, ophunzira ndi aphunzitsi awo amapanga maroketi otchedwa Phoenix. Mu March 2021 imodzi inakwera pafupifupi makilomita 18, ndipo mafuta ake ena ndi phula ngati la makandulo. Kuno kwathu poyambira ndi masamu ndi fizikisi, kenako uinjiniya ku MUST ku Thyolo, pamwamba pathu pomwepa, kapena ku MUBAS ku Blantyre. Palinso African Drone and Data Academy imene inatsegulidwa mu 2020 ndi thandizo la UNICEF, amaphunzitsa kupanga ndi kuulutsa ma drone ndi kuwerenga zithunzi zojambulidwa kumwamba. Zithunzi zoterozo ndi zimene zimaonetsa kumene madzi osefukira adutsa.

Anesi a ku Nsanje, 17:28
Ndaweruka, ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Za okosijeni zija mtima sunatsike kwenikweni, ndisaname. Koma amisiri, nkhani yanu ya ngolo yandifika. Ifenso pa ntchito pali nthawi imene umaona kachizindikiro kakang'ono pa wodwala, mzere uli wautali panja, mtima n'kumati zipita zokha. Mawa ndikawafotokozera anzanga za mayi wa batani uja.

Agogo a ku Makhanga, 17:41
Mdzukulu wanga wandionetsa. Phokoso lake landikumbutsa Ruo usiku wa mu January 2015. Aphunzitsi, ine pa njala ndikadali pomwe ndinali, ndipo ndalama zimene awotcha m'masekondi 7 amenewo sindikufuna kuzimva. Koma ndaona kuti asanayatse anafunsana mmodzimmodzi, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo aliyense anali ndi mphamvu yoimitsa. Komiti yathu ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ikakumana timalankhula ndife akuluakulu okha, mnyamata amene amagona kudimba n'kumaona madzi sitimufunsa. Mvula isanayambe ndikufuna tikonze zimenezo.

Aphunzitsi a ku Ngabu, 17:50
Zikomo agogo. Za botolo zija tichite Loweruka likubwerali pabwalo la mpira kuno ku Ngabu, 7 koloko m'mawa dzuwa lisanakwiye, mukudziwa mmene October amachitira kuno. Ana abwere ndi makope, tiziyeza madzi a m'botolo ndi kuwerenga mapampu, n'kulemba nthawi imene lakhala m'mwamba. Ndikusowa pampu yokhala ndi geji ndi poimika botolo.

Kabaza wa pa Dyeratu, 17:53
Pampu ndibwereka kwa wokonza matayala pano. Machubu akale ndili nawo atatu.

Amisiri a pa Nchalo, 17:56
Poimikapo ndipanga ine, ndi chingwe chachitali chomasulira kuti mwana asayandikire botolo lili ndi puresha. Mayi a Tadala, thiransipoti ya mwanayo kuchoka ku Bangula ndi yanga, ndituma pa foni Lachisanu.

Mwana wa kwa Chapananga, 06:42
Mwadzuka bwanji nonse. Usiku aika chithunzi cha mkati mwa injini ataimasula, ndachiika apa. Onani pakhosi, cha m'munsi.

Amisiri a pa Nchalo, 06:58
Ndachikulitsa. Pali mzere wodyeka kuyambira pakhosi kutsika, wotalika ngati chala, m'mbali mwake kopa wachita timibulu ngati phula la kandulo. Mbali inayo ndi yosalala bwinobwino, sinakhudzidwe. Ndi m'munsi momwe ananena Tadala. Mwana wa kwa Chapananga, uwalembere mu Chingerezi m'malo mwanga, uwafunse ngati tingalande tija anatitsuka ndi kutiyesa ndi madzi kamodzikamodzi atamaliza kuwotcherera, kapena anayesa tonse pamodzi. Akayankha undiuze.